Kukhoma ndi kukonza ming'oma ya njuchi pakhomo

Mng'oma wanga woyamba wa matabwa sindinakhome ndekha. Ntchitoyo ndinaipereka kwa kalipentala wina kuno ku Nkhotakota, munthu wodziwa kukhoma mipando ndi zitseko zokongola. Bokosi linatuluka losalala, anthu odutsa n'kumaima kulisirira, ndipo njuchi zinalowa mwezi usanathe. Tsiku lokafula uchi, nditangonyamula kathabwa kamodzi kapamwamba, kanabwera ndi zidutswa za zisa zitatu, uchi uli chuchuchu, ana a njuchi akugwera pansi pa mng'oma. Nditayeza timatabwato ndinapeza kuti kalikonse kanali masentimita 4 m'lifupi. Njuchi zathu zimafuna masentimita 3.2, kapena kuti mamilimita 32. Kuyambira chaka chimenecho ndimakhoma ndekha pakhonde la kuseri kwa nyumba, ndipo zomwe ndalemba pano ndi za amene akufuna kuchita chimodzimodzi.

Mng'oma womwe ndikunena ndi uja wooneka ngati bwato, wotambalala pamwamba, wopanikizika pansi, wovindikiridwa ndi timatabwa tondandalika. Alangizi amautchula kuti Kenya Top Bar Hive chifukwa unayamba kufala ku Kenya m'zaka za m'ma 1970. Ulipo wina wa mabokosi osanjikiza ndi mafelemu mkati, womwe m'busa wa ku America, Lorenzo Langstroth, analembetsa mu 1852. Ndi wabwino, koma umafuna makina ochekera, waya wa m'mafelemu ndi makina opukusira uchi. Pakhonde la munthu wa sowo ndi puleni, wa timatabwa ndiye woyenera. Ming'oma ya makungwa imene makolo athu ankapachika m'nkhalango sindiinyoza, inadyetsa anthu uchi kwa zaka zosawerengeka, koma mtengo wa mombo ukausenda khungwa kuzungulira waupha, ndipo ndi mitengo yomweyo imene imapatsa njuchi maluwa.

Chifukwa chake muyezo wa timatabwa sunyengereredwa

Njuchi zikamamanga, zimasiya mpata wofanana pakati pa chisa ndi chinzake, wongokwana kuti zidutsane. Kuchokera pakati pa chisa china kufika pakati pa chotsatira, njuchi za kuno zimasunga pafupifupi mamilimita 32. Za ku Ulaya n'zokulirapo, zimasunga 35, ndiye samalani ndi miyezo ya pa intaneti, yambiri inalembedwera njuchi za kumeneko. Njuchi sizidziwa kuti inu mwacheka motani, zimangotsata muyezo wawo. Kathabwa kalikonse kakapyola ndi mamilimita 4 okha, pofika kachisanu ndi chitatu chisa chasuntha ndi kathabwa kathunthu, ndipo zisa zapakati zagwira timatabwa tiwiritiwiri. Mng'oma wotero suyenderedwa, umangophwasulidwa. Phindu lonse la mng'oma wamakono ndi loti muzitha kunyamula chisa chimodzi, kuona ngati chili ndi uchi wokhwima kapena ana, n'kuchibwezera pamalo pake osapha kanthu.

Bokosi lenilenilo likhoza kukhala losaoneka bwino. Ndinaonapo la nsungwi lomatidwa ndi dothi losakaniza ndowe, ndi lina la chiwale, njuchi zili mbwee mkatimo. Koma timatabwa take tinali toyezedwa bwino.

Matabwa ndi zida

Sankhani matabwa ouma. Thabwa laliwisi limafota likamauma, ndiye 32 wanu pakatha miyezi iwiri asanduka 30, ndipo m'mbali mwa bokosi mutseguka ming'alu. Mukagula kwa ocheka, musafulumire. Asanjeni pamthunzi, pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsendereze ndi miyala kuti asapindike. Nyengo ya mwera, Juni ndi Julayi, ndiyo yabwino kuumitsa ndi kukhoma, kuti mango ndi mitengo ya m'tchire ikamayamba maluwa ming'oma ikhale ili kale pamalo.

Ine ndimakonda malaina. Ndi opepuka, sapindika kwambiri, salimbana ndi puleni, ndipo amapezeka m'midzi yambiri. Paini amagwira ntchito koma chiswe ndi chinyontho sizichedwa kumugonjetsa ngati simumusamala. Bulugama amang'aluka ndi kupotoka, makamaka akachekedwa wanthete. Mlombwa ndi mbawa n'zolimba zedi koma n'zodula, mng'oma wake umalemera, ndipo mitengo imeneyi yatha kale m'madera ambiri. Sindiona chifukwa choidulira bokosi la njuchi. Matabwa alionse amene anapakidwa mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda asayandikire n'komwe. Mapulanga a m'mabokosi akale gwiritsani ntchito pokhapokha mukudziwa zomwe munali. Ngati munasungidwa mankhwala a thonje kapena a fodya, asiyeni.

Zida sizambiri: sowo yonola bwino, puleni, hamala, sikweya, tepi yoyezera yokhala ndi mamilimita, pensulo, tchizulo ndi choboolera. Ngati choboolera palibe, chitsulo chozungulira chotenthetsa pa mbaula chimaboola. Misomali ya mainchesi 2 ndi theka ndi ya bokosi, ya inchi imodzi ndi ya lata.

Musanacheke thabwa lililonse la mng'oma, pangani zoyezera ziwiri zimene muzisunga moyo wanu wonse wa ulimi wa njuchi. Choyamba ndi chikombole cha kumapeto kwa mng'oma, chodulidwa pa pulayiwudi kapena pa lata. Chachiwiri ndi kathabwa kolimba komwe mwasemapo mpata wa mamilimita 32 ndendende, woti kathabwa kalikonse kapamwamba kazidutsamo. Ambiri amayezera chitsekerero cha botolo la Fanta, ndipo n'zoona kuti chimayandikira muyezowu, koma chikapindika potsegula chimanama. Chiyezeni kaye pa tepi. Zoyezera ziwirizi ndizo zimachititsa kuti ming'oma yanu yonse, wa chaka chino ndi wa zaka zisanu zikubwerazi, izibwerekana timatabwa. Mudzaona m'munsimu kuti kukonza mng'oma wokhala ndi njuchi kumadalira zimenezi.

Kukhoma bokosi

Yambani ndi matabwa awiri a kumapeto. Pa thabwa la mainchesi 10 m'lifupi, lembani mzere wapakati ndi sikweya. Pamwamba yezani masentimita 22 mbali iyi ndi 22 mbali inayo, kuti pakwane 44. Tsikani masentimita 22 kutsata mzere wapakati uja, ndipo pansipo yezani 9.5 uku ndi 9.5 uko, kuti pakwane 19. Lumikizani makona. Mbali zopendekekazo zituluka pafupifupi masentimita 25 iliyonse. Polemba lachiwiri litembenuzeni chadodolido, ligundane ndi loyamba, kuti thabwa lisawonongeke. Mukacheka, aphatikizeni awiriwo n'kuwapala limodzi mpaka afanane ngati mapasa.

Kupendekeka kwa m'mbali kuli ndi ntchito yake. Chisa chongomangidwa mwachibadwa chimakhala chotambalala pamwamba, chozungulira pansi, ndiye bokosi lotere limatsata maonekedwe ake ndipo njuchi sizimatirira kwambiri chisa kukhoma. Komanso chisa chimachepa kulemera kunsi, motero sichithothoka msanga mukachinyamula.

Matabwa a m'mbali akhale awiri, a mainchesi 10 m'lifupi, otalika mokwanira kuti mkati mwa bokosi mukhale masentimita 90. Ngati matabwa a kumapeto ndi ochindikala masentimita 2.5, a m'mbali mucheke 95. Mkati mwa masentimita 90 mumalowa timatabwa 28, n'kutsala kampata kochepa komwe kamathandiza nthawi ya mvula matabwa akafufuma. Khomerani a m'mbali pa a kumapeto. Msomali uliwonse muyambe mwaufwifwitsa kunsonga ndi hamala, sung'amba thabwa. Guluu wa matabwa ngati alipo pakani, koma si wokakamiza.

Apa pali chimene ambiri amaiwala. Popeza matabwa a m'mbali apendekeka, milomo yake yapamwamba ndi yapansi imatsala yosongoka mbali imodzi. Ipaleni mpaka igone fulati. Yesani pogoneka thabwa lowongoka kudutsa pamwamba: lisagwedere, ndipo kuwala kusaoneke pansi pake. Mlomo wosapala umasiya mpata pansi pa kathabwa kalikonse, ndipo m'mipata imeneyo ndimo mumalowa nyerere ndi njuchi zakuba.

Thabwa lapansi likhale lotambalala mokwanira kuphimba milomo yonse iwiri, ndipo kutsogolo litulukire masentimita 3 kapena 4 kuti njuchi zizitera. Mukakhoma, tengani bokosilo mulowetse mutu, wina aliyang'anitse kudzuwa. Paliponse pamene pakuwala ndi poti mutseke.

Khomo likhale kumapeto kumodzi, chakumunsi. Ine ndimaboola mabowo 8, lililonse mamilimita 8 mpaka 10, m'mizere iwiri. Musaboole bowo limodzi lalikulu. Khomo lalikulu limalowetsa mbewa, abuluzi ndi zikumbu zikuluzikulu zija zakuda zimene zimadya ana a njuchi, ndipo njuchi zolondera zimalephera kuliteteza. Khomo likakhala kumapeto, mfumukazi imaikira mazira chakufupi ndi khomo ndipo uchi umasungidwa kumbuyo, ndiye pofula mumayambira kumbuyo osasokoneza ana.

Pomaliza, pamwamba pa thabwa lililonse la kumapeto khomanipo kathabwa kochindikala mofanana ndi timatabwa tapamwamba, kuti tikhale ndi potsamira, tisamasereruke mng'oma ukagwedezeka ndi mphepo.

Timatabwa tapamwamba

Iyi ndiyo ntchito yodya nthawi, ndipo musaichite mutatopa kapena dzuwa litapendeka. Kathabwa kalikonse kakhale kotalika masentimita 50, kochindikala masentimita 2, ndi mamilimita 32 m'lifupi. Sankhani thabwa lowongoka, lopanda mfundo. Chekani mopyolako pang'ono, cha m'ma 34, kenaka mutsitse ndi puleni pang'onopang'ono, mukuyesa m'choyezera chija kumapeto konse kuwiri ndi pakati. Kakalowa mothina pang'ono, kakwana. Kakalowa mokhwepa, kaikeni padera, kadzagwira ntchito pa chivindikiro. Musadzinamize kuti njuchi sizizindikira. Mukamaliza timatabwa 10, tigundanitseni pa tebulo n'kuyeza tonse pamodzi. Pakhale masentimita 32. Mukapeza 33 kapena 34, bwererani ku puleni.

Ngati pafupi nanu pali malo ochekera matabwa ndi makina, monga pa boma kapena ku Dwangwa, kuchekera kumeneko kumafulumira, koma pitani ndi choyezera chanu ndipo muime pomwepo. Achekeni kamodzi, muyese, asunthe makina, muyesenso, kenaka acheke tonse. Pangani timatabwa toposa 28 pa mng'oma uliwonse, tina n'tosungira.

Kenaka njuchi ziuzidwe poyambira. Kunsi kwa kathabwa kalikonse, pakati penipeni, lembani mzere m'litali ndipo muchekemo kangalande kakuya mamilimita 3 ndi sowo, kusiya masentimita 5 kumapeto konse kumene kathabwa kamakhala pa bokosi. M'kangalandemo muthiramo phula. Ena m'malo mwa ngalande amakhomerera kansungwi kopyapyala kotsika pang'ono, n'kukapaka phula kunsonga. Ena amapala kunsi konse kuti kusongoke ngati msana wa denga. Zonsezi zimagwira, ndipo kansungwi kapena msana wosongoka zimawongola zisa kuposa ngalande, kungoti zimafuna ntchito yambiri. Chachikulu n'chakuti mzerewo ukhale pakati. Ukapatuka, chisa chipatuka nawo.

Phula likhale la njuchi lenileni, osati kandulo wa m'golosale, amene amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi ndipo njuchi sizimulabadira. Musalisungunule pamoto mwachindunji chifukwa limapsa ndipo limatha kuyaka. Ikani phula m'kachitini, kachitiniko mukaike m'poto wa madzi otentha. Limasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 60, madzi asanawire n'komwe. Thirani ndi supuni, kathabwa mutakapendeketsa kuti phula liyende lokha m'ngalande. Lotayikira m'mbali lipaleni ndi mpeni, apo ayi njuchi ziyambira pamenepo.

Chivindikiro

Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala aliyense akukudziwa. Lata logona mwachindunji pa timatabwa limatentha moti phula limafewa, zisa zodzaza uchi n'kuthothoka, njuchi n'kusamuka. Khomani felemu yokulirapo kuposa bokosi ndi masentimita 2 kapena 3 mbali zonse, yotsika mokwanira kubisa timatabwa. Mkati mwa felemu pingasani timitengo tiwiri kuti pakati pa lata ndi timatabwa pakhale mpata wa zala ziwiri. Lata lipindikire m'mbali mwa felemu, ndipo milomo yake muipinde kawiri kuti isakuchekeni. Pamwamba pa lata mangirirani udzu kapena mphasa yakutha. Chivindikirocho chimangidwe ndi waya kapena legeni, chifukwa mwera ukalusa umachiulutsa.

Penti pakani kunja kokha, woyera kapena wowala, ndipo mng'oma ukhale panja masabata angapo mpaka fungo lithe. Mkati musapake chilichonse cha m'sitolo. Tsukulutsanimo phula lofewetsedwa padzuwa, makamaka kukhomo, ndi masamba a udzu uja wonunkhira ngati mandimu umene timathira mu tiyi. Fungo lake limakopa njuchi zofufuza malo.

Kupachika

Kumene kuli chiuli, makamaka midzi yoyandikana ndi nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, mng'oma woikidwa pa thandala sukhalitsa. Chiuli chimakwera, chimagwetsa, chimaswa. Mng'oma wolendewera pa waya umachilepheretsa chifukwa umagwedezeka ndipo chimasowa popondera. Khomani timatabwa tolimba m'mbali mwa bokosi, chakumtunda, pafupi ndi kumapeto konse, ndipo waya adutse m'timatabwamo. Waya wokulunga bokosi lenilenilo amadya thabwa ndipo amakulepheretsani kunyamula timatabwa. Mng'oma ulendewere pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, mofika m'chiuno mwanu, pamthunzi, khomo litafulatira mwera. Ukhale wosapendekeka mbali iliyonse, pakuti njuchi zimamanga chisa cholunjika pansi ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Botolo la madzi osadzaza, logonekedwa pamwamba, likuuzani ngati wawongoka. Pa waya pakani gilizi, ndipo muzibwereza, makamaka nthawi ya mvula pamene linthumbu likuyenda. Udzu ndi nthambi zokhudza mng'oma zichotsedwe, chifukwa ndiwo mlatho wa nyerere.

Kamng'oma kokopera njuchi

Matabwa otsala musasonkhere moto. Ndi chikombole chomwe chija khomani kabokosi kafupi kolowa timatabwa 6 kapena 7, mukapake phula, mukapachike m'mwamba mumtengo. Njuchi zosamuka zimakonda malo okwera. Zikalowa n'kuyamba kumanga, tsitsani kabokosiko usiku mutatseka khomo, ndipo timatabwa take, zisa zili pomwepo, musamutsire mumng'oma waukulu. Chekaninso thabwa limodzi lofanana ndi la kumapeto koma locheperako pang'ono, mulikhomere kunsi kwa kathabwa kamodzi. Limeneli ndi chipupa chosuntha: njuchi zikakhala zochepa mumazichepetsera nyumba, zikachuluka mumalisunthira kumbuyo.

Chofukizira utsi ndi zovala

Kufula ndi muuni wa udzu kumapha njuchi, kumanunkhitsa uchi, ndipo moto wambiri wolusa m'tchire umayamba choncho. Chofukizira, chimene ambiri amangoti simoka, mungathe kupanga mothandizana ndi mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula. Pafunika chitini chachitsulo cha msinkhu wa chikhatho chimodzi ndi theka, chokhala ndi chivindikiro chosongoka ngati fanulo, chotsegula ndi kutseka. Chakumunsi kwa chitini boolani bowo lolowa chala chaching'ono. Mkati, pamwamba pa bowolo, ikani kachidutswa ka lata kozungulira kobooledwabooledwa ndi msomali, kokhala ndi timiyendo, kuti moto ukhale pamwamba ndipo mphepo izilowa pansi pake.

Mvukuto wake ndi timatabwa tiwiri ta msinkhu wa chikhatho, tolumikizidwa mbali imodzi, sipuling'i ili pakati, m'mbali mutakuta ndi chubu yakale ya galimoto kapena chikopa chofewa, chokhomedwa ndi timisomali pafupipafupi kuti mphepo isathawe. Pa kathabwa koyang'ana chitini boolani bowo loyang'anizana ndi la pachitini lija. Mabowo awiriwa asagundane. Pakhale mpata wa chala chimodzi, chifukwa akalumikizana mvukuto umayamwa makala ndipo chubu imapsa. Mangani mvukuto ku chitini ndi tizitsulo tiwiri, ndipo chitinicho muchizunguze ndi waya wotalikirako kuti musapse manja. Zoyatsa zili ponseponse kuno: zitsononkho, mankhusu a mpunga, ndowe zouma za ng'ombe, chiguduli chakale chosakhala chapulasitiki. Utsi wabwino ndi woyera, wochuluka, wozizira; uyeseni pa dzanja lanu. Pamwamba pa moto ikani udzu wauwisi pang'ono kuti mphaliphali zisatuluke.

Chophimba kumaso sokani pa chipewa cha mlaza chotambalala, kuti nsalu italikire nkhope. Kutsogolo ikani gozi wakuda wa m'mawindo, chifukwa woyera amathobwa m'maso padzuwa. Chonde musadule neti ya udzudzu ya kuchipatala. Inanyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, ndipo njuchi ndi tizilombo. Komanso netiyo ntchito yake ndi kuteteza ana anu ku malungo, omwe kuno kunyanja ndi ochuluka. Ovolosi ikhale ya nsalu yoyera, yokhuthala, yokhwepa, yokhala ndi lasitiki m'manja ndi m'miyendo. Telala aliyense angathe kusoka mukamuonetsa. Chokanulira timatabwa sulani kuchokera ku chikwanje chakutha: chidutswa chotalika ngati chikhatho ndi theka, mbali imodzi yophwatalala ndi yonoledwa pang'ono. Chosesera njuchi pa chisa ndi nthenga yaikulu ya nkhuku kapena ya bakha.

Kukonza mng'oma wopanda njuchi

Njuchi zikasamuka, musausiye mng'oma uli lende kudikira zina. Utsitseni sabata yomweyo. Zisa zosiyidwa zimaitana njenjete ya phula, ndipo mphutsi zake zimadya zisa zonse, n'kusiya ukonde ngati wa kangaude ndi zitosi zakuda. Zikamadzikulunga zimakumba thabwa, n'kusiya timaenje tooneka ngati timabwato. Mng'oma wotero njuchi zatsopano siziufuna.

Chotsani zisa zonse. Zabwinoko zisungunuleni, phula lake ndi lomwe mupakenso; zogwidwa ndi mphutsi zitentheni. Palani mkati monse ndi chokanulira, makamaka m'makona. Utomoni wakuda uja umene njuchi zimamatira ming'alu musautaye, usungeni m'kachitini, ndi nyambo yabwino yokopera njuchi. Kenaka wambani mkati mwa bokosi ndi lawi la udzu wouma kapena mapepala, mpaka thabwa lisinthe mtundu pang'ono, osati kupsa. Motowo umapha mazira obisala m'ming'alu. Chitirani izi pabwalo losesa, madzi ali pafupi. Timatabwa natonso tipaleni ndi kutiwamba, ndipo kalikonse kadutsenso m'choyezera. Kopindika kapena kong'aluka kachotseni.

Tsopano fufuzani matabwa. Bayani ndi nsonga ya mpeni m'makona apansi ndi kuzungulira khomo, m'mene madzi amakhalitsa. Mpeni ukalowa mosavuta, thabwalo lawola kapena chiswe chalidya mkati. Lapansi ndilo limayamba kutha, ndipo n'chifukwa chake ndimalikhomera kunsi osati kulilowetsa mkati: limazuka lokha osaphwasula bokosi. Pozula, lowetsani tchizulo pang'onopang'ono kuzungulira, musakanule malo amodzi. Misomali yatsopano ilowe pamalo atsopano, chifukwa mabowo akale sagwiranso.

Mng'alu waung'ono tsekani ndi phula losungunula losakaniza utuchi. Waukulu semerani kachidutswa ka thabwa, mukakhomere ndi guluu, mupale. Bowo la mfundo yothothoka likhomereni kachidutswa ka lata kunja. Mabowo a khomo akakula chifukwa cha mbewa, khomani kathabwa katsopano pamwamba pake n'kuboolanso pa muyezo. Ngati mkati mwapezeka chisa cha mbewa kapena mavu, tsukani ndi madzi otentha opanda sopo wonunkhira ndipo muumitse padzuwa masiku angapo. Mankhwala opopera tizilombo a m'nyumba asalowe mumng'oma ngakhale kamodzi. Ndinamvapo anthu akudandaula kuti mng'oma wawo wakhala zaka osalowa njuchi, pofunsitsa n'kupeza kuti anaupopera pofuna kupha mphemvu.

Lata lodontha lionetseni kudzuwa kuti muone timabowo. Tochepa tsekani ndi phula la pamsewu kapena penti wokhuthala, kunja kokha. Likachita dzimbiri ponseponse lisintheni, chifukwa madzi odonthera pa timatabwa amaoletsa ndi kubweretsa nkhungu m'zisa. Waya woyamba dzimbiri musamudikire kuti aduke. Mng'oma wodzaza uchi umalemera kwambiri, ndipo umagwa nthawi yomwe uli ndi zambiri zoti mutaye.

Kukonza mng'oma wokhala ndi njuchi

Musakhome msomali pa mng'oma umene muli njuchi. Kugogoda kumazikwiyitsa, kumathothola zisa, ndipo njuchi zathu zikalusa zimaluma mbuzi, nkhuku ndi ana a eni ake kutali ndithu. Mng'alu waung'ono matani ndi dothi losakaniza ndowe madzulo, lidzagwira mpaka nthawi yofula. Vuto likakhala lalikulu, monga thabwa lapansi lowola, njira ndi kusamutsa banja lonse.

Khalani ndi bokosi limodzi lopanda kanthu nthawi zonse, la muyezo womwe uja. Sankhani madzulo ozizira, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, muli awiri, nonse mutavala. Uzani anansi atsekere ziweto. Fukizani utsi pang'ono kukhomo, dikirani mphindi ziwiri, chotsani chivindikiro. Masulani mng'oma wakale muukhazike pambali, watsopano muupachike pa malo enieni a wakalewo, khomo kuyang'ana komwe linkayang'ana, chifukwa njuchi zochokera kutchire zimabwerera pamalo osati pa bokosi. Yambani kumbuyo. Kanulani kathabwa kamodzi, ndipo ngati chisa chamatirira kukhoma chidulireni ndi mpeni kuchokera pansi kukwera m'mwamba, osati kuchikoka. Chinyamuleni chili chilendewere. Mukachigoneka cham'mbali chithyoka, chifukwa chilibe felemu yochigwira. Musanayambe, lembani manambala pa timatabwa ndi makala, kuti mumng'oma watsopano tikakhale mu ndondomeko yomweyo, zisa za ana zili pamodzi kufupi ndi khomo. Poti mwayambira kumbuyo, kathabwa koyamba kutuluka kakakhalenso kumbuyo.

Zisa za ana zinyamuleni pamwamba pa bokosi nthawi zonse, kuti mfumukazi ikagwa igwere mkati. Timatabwa tonse tikasamuka, njuchi zotsalira m'bokosi lakale zikutumulireni mwa latsopano ndi nthenga, muyang'ane bwino m'makona ngati mfumukazi yatsalira. Gundanitsani timatabwa pasatsale mpata, vindikirani, pakani gilizi pa waya. Bokosi lakale lichotseni pamalopo usiku womwewo, mupite nalo kutali, chifukwa fungo lake limasokoneza njuchi. Mukalikonza, kuliwamba ndi kulipaka phula, limenelo ndilo likhale losungira, kudikira mng'oma wotsatira umene udzafune thabwa latsopano.